Cannes, Zanzibar kapena chinsalu cha m'kalasi: wophunzira wa ku Mangochi ayambire pati?

Filimu yoyamba yakunja imene ndinaionera mpaka pothera inali ya ku India, m'kachisakasa ka vidiyo sho kuseri kwa msika, kotchingidwa ndi masaka ndi mapepala akuda kuti kuwala kusalowe. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene amakudziwa ku Mangochi akudziwa kuti kupanikizana anthu 40 m'kanyumba kopanda zenera nyengo imeneyo n'kudziphika dala. Womasulira ankayankhula Chichewa m'malo mwa aliyense: mfumu, wakuba, mtsikana ndi amayi ake omwe. Pamene mkulu wina wandevu ankalira pamaliro, iye anati mkuluyo akulirira ngongole ya usipa imene malemu anamka nayo. Tinaseka mpaka misozi. Patapita zaka ndinaipezanso filimu ija yopanda womasulira, n'kuzindikira kuti pamalopo sipanali poseketsa ayi, ndipo panali kanyimbo kachisoni kamene sitinakamve n'komwe.

Masiku ano anzanga a m'makoleji ndi a ku sekondale amene ayamba kujambula timafilimu pafoni amandifunsa funso limodzi: munthu amapita bwanji ku Cannes, chikondwerero chachikulu cha mafilimu cha ku France? Yankho langa limawakhumudwitsa, chifukwa ndimayamba ndi kufunsa kuti akukafunako chiyani. Kuonera mafilimu a mayiko ena, kukumana ndi anthu opanga mafilimu, ndi kuonetsa filimu yako ndi njala zitatu zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi mbale yake. Njira zimene ndikuzidziwa ndi izi, ndipo sindibisa kumene mtima wanga wapendekera.

Vidiyo sho ndi memore khadi

Sindiinyoza. Ndalama yake ndi yochepa, ndipo ili ndi phunziro limene simungalipeze pena: kuona mmene anthu wamba amaonerera filimu. Khalani kumbuyo, muzipenya mitu ya anthu m'malo mopenya sikirini. Muona pamene amasiya kutafuna mtedza, pamene amayamba kucheza, pamene wina amadzuka kukataya madzi chifukwa nkhani yazizira. Wofuna kudzapanga mafilimu oti anthu a kwa Chimwala kapena ku Makawa adzaonere ayenera kudziwa zimenezi.

Koma mphika wake ndi umodzimodzi: zakarate, zankhondo, za ku India, za ku Nigeria, ndi zotsatizana za ku Korea zimene anyamata oika mafilimu m'memore khadi amakudzazirani. Filimu ya ku Senegal, ya ku Iran kapena ya ku Brazil simungaipeze. Komanso womasulira amakwirira theka la ntchito ya wopanga filimu, ndiye kuti mawu, nyimbo, ngakhale bata limene linaikidwa dala. Za ufulu wa eni mafilimuwo tisanamizane, palibe tambala imene imawafika.

Foni ndi bandulo ya usiku

Apa ndi pamene dziko limatseguka popanda pasipoti. Chaka cha 2020, mliri wa Covid-19 utalepheretsa mwambo wa ku Cannes, zikondwerero zikuluzikulu zinasonkhana n'kuonetsa mafilimu ulere pa YouTube kwa masiku 10, pansi pa dzina la We Are One. Kumayambiriro kwa chaka kumakhalanso MyFrenchFilmFestival, imene imachitikira pa intaneti pokha, ndipo mafilimu ake aafupi amaonetsedwa ulere. Zikondwerero monga za ku Berlin ndi Toronto zimaika pa YouTube macheza ndi madayirekita, pamene amafotokoza chifukwa chimene anaikira kamera apa osati apo. Kwa ine machezawa aposa makalasi ambiri.

Mavuto ake mukuwadziwa kale: bandulo imatha filimu ili pakati, netiweki imathawa, ndipo mafilimu ambiri amakuuzani kuti m'dziko lanu saoneka. Langizo langa ndi lakuti muzisaka mafilimu aafupi, a mphindi 10 kapena 15, muziwatsitsa usiku ngati tsambalo likulola. Sadya ndalama zambiri, komanso ndi mtundu umene inuyo mungathe kupanga.

Vuto lalikulu komabe si bandulo. Ndi kuonera wekha. Filimu yojambulidwa kuti idzaze khoma ukaionera pakagalasi kokwana m'dzanja, utafunda chitenje, mahedifoni m'makutu, ikatha umangogona. Palibe wokutsutsa, palibe wokuuza kuti mbuzi ija inali ndi tanthauzo. Ichi ndicho chikondwerero chenicheni chimagulitsa, ndipo foni ilibe.

Kukwera minibasi

Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kumachitika zionetsero nthawi ndi nthawi, monga zimene amakonza akazembe a mayiko a ku Ulaya, komanso za m'malo a zachikhalidwe ngati Jacaranda Cultural Centre. Kuchoka pa boma la Mangochi kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndiye mafilimu a madzulo amafuna kogona. Ngati muli ndi azakhali ku Ndirande, njira iyi ndi yabwino kwambiri pa mtengo wake, chifukwa opanga mafilimu a m'dziko muno mumakawapeza pamenepo, n'kucheza nawo m'chiyankhulo chanu. Choipa chake n'chakuti masiku ake sakhazikika. Muzitchera khutu pa Facebook.

Kudutsa malire

Anzanga akamati Cannes amaona kapeti yofiira. Mwambowu unayamba mu 1946, umachitika mwezi wa Meyi kugombe la kumwera kwa France, ndipo kwenikweni ndi msika wa anthu a ntchitoyi. Simungangofika pakhomo n'kugula tikiti ngati ya mpira, pamafunika chiphaso. Khomo la achinyamata lilipo, dongosolo la masiku atatu la anthu a zaka 18 mpaka 28 amene amalemba kalata yofotokoza chikondi chawo pa kanema, koma ndege, chakudya ndi kogona n'zanu, pa nyengo imene chipinda m'tauniyo chimadula koopsa. Gawo la La Cinef limalandira mafilimu a ophunzira, koma a m'sukulu zophunzitsa za kanema. Onjezanipo viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, imene imafuna sitetimenti ya kubanki yonona. Mphoto yaikulu ya Cannes, Palme d'Or, inabwera ku Africa mu 1975 kudzera mwa Mohammed Lakhdar-Hamina wa ku Algeria. Osati kuti n'zosatheka kwa anthu a kuno: Rungano Nyoni, wobadwira ku Zambia, anapambana mphoto ya dayirekita m'gawo la Un Certain Regard mu 2024. Koma iye sanapiteko kukaonera, anapita ndi filimu.

Venice, mayi wa zikondwerero zonse (1932), ndiisiya pomwepo, pakuti zopinga za ndege, kogona ndi viza n'zomwezo. Berlin, imene inayamba mu 1951, ndi yofatsirako chifukwa imagulitsa matikiti kwa aliyense, kungoti imachitika mu Febuluwale, kuzizira kwa chipale kuli pachimake. Mwana wa m'mbali mwa nyanja amene amavala juzi mwera ukangowomba aganize kawiri.

FESPACO ya ku Ouagadougou, Burkina Faso, ndiyo mtima umailakalaka. Inayamba mu 1969, imachitika kamodzi pa zaka ziwiri, mphoto yake ndi Étalon de Yennenga, ndipo ili ndi gawo la mafilimu a m'sukulu za kanema za mu Africa. Ndi kumene kanema wa mu Africa amakhala mwini mudzi osati mlendo. Koma kuchoka kuno n'kukwera ndege yolumikiza, pamafunika viza ndi khadi la katemera wa yelofiva, ndipo popanda Chifalansa mumakhala ngati gonthi pabwalo la milandu. Carthage ya ku Tunisia, ya mu 1966, ili chimodzimodzi, Chiarabu ndi Chifalansa.

Zotsala ndi ziwiri zimene munthu angafikeko pamsewu, ndipo ndi zimene ndimafuna wophunzira wa kuno aziyeze mofatsa.

Durban International Film Festival inayamba mu 1979, imayendetsedwa ndi Centre for Creative Arts ya pa University of KwaZulu-Natal, ndipo imachitika mu Julayi. Ife a ku Mangochi tili ndi mwayi umene wophunzira wa ku Rumphi alibe kwenikweni: njira ya ku Joni timaidziwa ngati yopita kudambwe. Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Johannesburg, kenako basi ina kutsikira kunyanja. Ndi mabanja angati ku Namwera kapena kwa Makanjira amene alibe mwana kapena mlamu ku South Africa? Kogona, komwe kumadya ndalama zambiri pa ulendo uliwonse, kungapezeke kwa achimwene. Ulendo waufupi sufuna viza, pasipoti yokha. Chiyankhulo ndi Chingerezi. Mumzinda womwewo mumachitikanso Durban FilmMart, msika umene anthu amakafunirako ndalama zopangira mafilimu, ndiye mumaona mmene malonda a ntchitoyi amayendera. Zodetsa nkhawa ndi ziwiri. Achimwene anuwo mwina amakhala kutali ndi malo oonetsera, ndipo kubwerera usiku mumzinda wachilendo si masewera. Chiwawa chochitira alendo cha mu 2015, chimene chinabweza Amalawi ambiri, chinayambira komweko. Chinanso, ulendo wa masiku awiri kapena atatu pabasi umakufikitsa utatheratu.

Zanzibar International Film Festival ndi yaing'ono poyerekeza, inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo imadzitcha chikondwerero cha mayiko a zombo za madau. Mphoto yake ndi Golden Dhow. Mafilimu amadzulo amaonetsedwa panja, m'bwalo la Ngome Kongwe, linga lakale la ku Stone Town, ndipo mukatuluka mumangowoloka kupita ku Forodhani kumene amawotcha nsomba usiku. Njira yake ndi yaitali: Salima, Nkhotakota, Mzuzu, Karonga, malire a Songwe, Mbeya, Dar es Salaam, kenako boti la maola awiri. Viza sifunikanso. Chimene chimandikoka n'chakuti munthu wa ku Mangochi sasochera kwenikweni kumeneko. Woyankhula Chiyao ndi Chichewa amatola mawu ambiri a Chiswahili tsiku loyamba lomwe, adhana imamveka monga kwathu, ndipo Msilamu sadandaula za chakudya. Makolo a dera lino ankayenda ulendo wa kugombe limenelo kalekale, pa malonda a minyanga komanso, tisabise, a akapolo. Nkhani za m'mafilimu ake, za asodzi, za alendo odzaona malo, za ana opita kunja, zili pafupi ndi zathu kuposa za ku Paris. Ndipo pachikondwerero chaching'ono dayirekita amene mwangoonera filimu yake mumamupeza pamzere wogula chipisi, n'kumufunsa chimene mukufuna.

Mukandipanikiza: wofuna kuphunzira za ndalama ndi malonda a kanema apite ku Durban, wofuna kutsegula maso ndi kupeza anzake apite ku Zanzibar. Zikondwerero ziwirizi zimagwa pakati pa chaka, nthawi ya mayeso a MSCE ndi kumapeto kwa teremu yachitatu, ndiye wa Fomu 4 aiwale kaye.

Koma ndinene chimene chili kukhosi. Kupita kulikonseko chimanjamanja, wopanda ngakhale kafilimu ka mphindi zisanu m'foni, ndi kukaona malo basi. Funso loyamba limene aliyense amakufunsa ndi lakuti wapanga chiyani.

Filimu ipite, inu mutsale

Iyi ndi njira imene yatulutsa Amalawi amene tikuwadziwa. Shemu Joyah anapanga The Last Fishing Boat mu 2012, nkhani ya msodzi wa pa nyanja yathu yomweyi amene nsomba zamuthawa pamene alendo odzaona malo achuluka, ndipo inakalandira mphoto ku Africa Movie Academy Awards. Filimu yake ina, The Road to Sunrise, ndiyo inali yoyamba imene dziko la Malawi linatumiza ku mpikisano wa Oscar. Joyce Mhango Chavula anapambana ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016. Onsewa anayamba ndi kupanga, ulendo unatsatira.

Zikondwerero zambiri zimalandira mafilimu kudzera pa tsamba la FilmFreeway. Kulembetsa n'kwaulere, koma zambiri zimafuna malipiro a madola pa filimu iliyonse, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipoku, kulipira ndi khadi ya kubanki ndi nkhondo payokha. Sefani zaulere zokha. Kwa zolipiritsa, lembani kalata yaulemu yopempha kuti akuchotsereni malipiro, munene kuti ndinu wophunzira wa ku Malawi, ena amavomera. Palinso Mobile Film Festival ya ku France, imene lamulo lake ndi foni imodzi, mphindi imodzi, filimu imodzi, ndipo kulowa n'kwaulere.

Ine ndinapsa kawiri, ndipo ndikuuzeni kuti inu musapse. Tinajambula kafilimu ka alovi okoka chilimira, m'bandakucha, mabwato akubwera kumtunda nyali zisanazimitsidwe. Zithunzi zinali zokongola moti tinkangoomberana m'manja. Unali mwezi wa Juni. Titakatsegula pa kompyuta, mkulu amene ankafotokoza mmene usipa wachepera ankangooneka milomo ikugwedezeka, mawu onse atamezedwa ndi mwera: fuuu, fuuu, mphindi zisanu ndi ziwiri. Foni inali kutali ndi pakamwa pake, yopanda chotchinga mphepo. Osankha mafilimu amakhululukira chithunzi chakuda, koma mawu osamveka amatseka pa mphindi yoyamba. Kamaikolofoni kopanira pa kolala, kokutidwa ndi kansalu kaubweya, kakanatipulumutsa, ndipo mtengo wake sufika ngakhale tikiti ya basi yokafika ku Songwe.

Kupsa kwachiwiri kunali kwa uchitsiru. Titakonzanso mawu, tinasonkherana ndalama n'kutumiza ku chikondwerero china chakunja cha dzina lonyadira. Pasanathe sabata anatiyankha kuti tapambana, n'kutitumizira kachizindikiro ka masamba koika pa positala, kenako anati chikho chenicheni tigule. Titafufuza tinapeza kuti amapereka mphoto mwezi uliwonse, m'magulu ochuluka ngati mchenga, ndipo filimu saionetsa kwa munthu aliyense. Musanalipire kulikonse, funani zithunzi za holo yokhala ndi anthu, ndandanda ya chaka chatha, ndi dzina la malo enieni.

Tinthu tina tating'ono timene timagwetsa anthu. Mawu a Chingerezi olembedwa pansi pa chithunzi ndi ofunika. Jambulani m'Chiyao kapena m'Chichewa mosaopa, koma womasulira akhale wodziwa, wina awerengenso. Nyimbo ya woimba wotchuka musaiike popanda chilolezo; pemphani mnzanu wa gitala kapena gulu la sikiri likuimbireni, mulemberane pepala. Anthu amene mwawajambula avomere, makamaka makolo a ana. Filimu musaithamangire kuika pa YouTube, chifukwa zikondwerero zina zimakana imene yaoneka kale poyera. Ndipo ifupikitseni: mpikisano wa mafilimu aafupi ku Cannes sulandira yoposa mphindi 15, ndipo kulikonse filimu yaifupi imapeza malo msanga pa ndandanda.

Kuipa kwa njira iyi ndi makalata okana. Amabwera ambiri, osanena chifukwa. Komanso filimu yanu ikhoza kuonetsedwa ku Nairobi inu muli ku Mpondasi, osamva ngakhale kuomba m'manja kumodzi.

Oti akulipirireni

Pali madongosolo amene amatenga achinyamata n'kuwaphunzitsa. Berlinale Talents, imene inayamba mu 2003, imasonkhanitsa anthu pafupifupi 200 ochokera m'mayiko ambiri chaka chilichonse, ndipo ili ndi mphukira yake ya mu Africa, Talents Durban. MultiChoice Talent Factory inatsegula mu 2018 sukulu ku Lusaka, Nairobi ndi Lagos, maphunziro olipiriridwa, ndipo Amalawi amawerengedwa ku ya ku Lusaka. Pa ndalama, palibe njira yoposa iyi. Pa mpikisano, ndi yothina ngati khomo la minibasi ya m'mawa. Onse amafuna kuona ntchito imene mwapanga kale, ndiye tabwereranso pomwe paja. Amene akusankha kosi angaganizirenso za zisudzo pa University of Malawi ku Zomba, pafupi pomwepa.

Chinsalu cha m'kalasi

Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ambiri amamutcha tate wa kanema wa mu Africa, ankati kanema ndi sukulu ya madzulo, ndipo ankayenda ndi mafilimu ake kukaonetsa anthu ndi kukambirana nawo. Njira imene ndimaiika patsogolo pa zonse ndi yomweyi, yochepetsedwa kufika pa msinkhu wa thumba lathu.

Ife tinayamba anthu asanu ndi anayi. Tinabwereka pulojekita, tinapachika nsalu yoyera ya pabedi pa bolodi ndi mapegi ochapira, mazenera tinatchinga ndi zitenje, sipika inachokera kwa mnzathu woimbitsa pa maukwati. Aliyense ankasonkha ya bandulo, mmodzi n'kutsitsa filimu usiku. Lamulo linali limodzi: filimu ikatha palibe wotuluka mpaka titakangana kwa theka la ola. Tsiku lina tinaonera filimu yaifupi ya ku West Africa yokhudza mwana amene akuyembekeza ndalama kuchokera kwa bambo ake ali kunja. Itatha panali zii. Kenako mtsikana wina amene sankayankhulayankhula anati, "Koma amayi aja bwanji sanawaonetse nkhope pamene foni imalira? Anationetsa manja okha, akutsuka mbale yomweyo kawiri." Tinaibweza kuti tione. Zinalidi choncho, ndipo tonse tinazindikira amayi athu m'manja amenewo. Sabata yotsatira atatu anabwera ndi nkhani zawo zolemba pamapepala a kope.

Zovuta zake n'zodziwika. Magetsi amazima filimu ili pokoma, ndiye laputopu ikhale yodzaza ndipo mukhale okonzeka kuunjikana mozungulira iyo. Pemphani chilolezo kwa aphunzitsi aakulu kapena woyang'anira ophunzira, ndipo filimu muyambe mwaionera nokha, chifukwa mafilimu ambiri a ku Ulaya ali ndi zithunzi zimene zingatseketse gulu lanu tsiku lomwelo. Mukafuna kuitana anthu akunja kapena kulipiritsa pakhomo, nkhani yasintha: pamafunika chilolezo cha mwini filimu komanso cha bungwe la boma loona za zoonetsedwa pagulu. Opanga mafilimu aafupi ambiri, mukawalembera pa Instagram kapena pa imelo, amavomera mokondwa, ena mpaka amalola kuyankha mafunso pa WhatsApp filimu ikatha. Akatero, kalasi yanu yapeza chija anthu amakwerera ndege.

Ndiye mukanandipatsa ndalama yokwana ulendo umodzi wa ku Zanzibar lero, ndikanaigawa motere: kamaikolofoni, katatu koimikira foni, bandulo ya teremu yonse ya gulu, ndipo yotsala ndikanayambira pasipoti, popeza imatenga nthawi ndipo kalata yokuitanani ikabwera siyembekeza. Chaka choyamba kuonera ndi kukangana, chachiwiri kujambula ndi kutumiza ku zaulere, ulendo pambuyo. Kafilimu kathu ka alovi tikukajambulanso mu Okutobala, nyanja ikadekha. Mkulu uja wavomera, bola tifike isanakwane 5 koloko, ndipo wati ulendo uno tibwere ndi shuga wa tiyi.